Chivomezi cha ku Lisbon ndi Mbiri ya Funso Lakuti Kodi Mulungu Alipo

Funso lakuti kodi milungu ilipo, pamodzi ndi linzake lakuti kodi moyo ungakhale ndi phindu popanda chipembedzo, ena amaliyesa la ana a masiku ano, komatu lidayamba kale lomwe, makolo a makolo athu asadabadwe. Ku Girisi, zaka zoposa 400 Khristu asadabadwe, Protagoras adavomera poyera kuti za milungu sadali kuzidziwa. Akulu a mzinda wa Athens adamwetsa Socrates chiphe pomuneneza kuti salemekeza milungu ya makolo. Epicurus adaphunzitsa m'munda mwake kuti milungu silabadira za anthu, ndi kuti imfa si yoopsa. Ku India a Charvaka adakana za moyo wina utatha uno, ndipo ku China Xunzi adalemba kuti mvula imagwa panthawi yake, kaya anthu aipempha kaya ayi. Ngakhale m'Malembo Oyera momwemo, Yobu adatsutsana ndi Mlengi wake ali paphulusa, Mlaliki nayesa ntchito zonse za pansi pano zachabe. Koma kukayika konseku kudali kwa anthu owerengeka, ndipo kwa zaka mazanamazana wokayika mokweza ku Ulaya adali kuika moyo wake pachiswe, monga Vanini amene adaphedwa ku Toulouse mu 1619 pamlandu wokana Mulungu.

Ine ndikhulupirira kuti funsoli lidatuluka m'zipinda za ophunzira ndi kulowa m'misika ndi m'makomo a anthu wamba tsiku limodzi lodziwika, Loweruka pa 1 Novembala 1755. Tsikulo lidali chikondwerero cha Oyera Onse, ndipo mu Lisbon, likulu la Apwitikizi, mzinda wolemera ndi golide wa ku Brazil ndiponso wodzala ndi matchalitchi ndi nyumba za amonke, makamu a anthu adali pa Misa m'mawa, nthawi isadakwane 10 koloko, pamene nthaka idagwedezeka, madenga a miyala nagwera opembedza ali chigwadire. Opulumuka adathawira kudooko la mtsinje wa Tagus, poyesa kuti pamtetete palibe chowagwera; koma taonani, madzi adayamba abwerera m'mbuyo mpaka matope a pansi kuonekera, kenaka adabwera ndi mafunde aakulu nasesa iwo amene adaima pamenepo. Chimene chivomezi ndi madzi zidasiya, moto udanyeketsa, pakuti makandulo a paguwa ndi moto wa m'makhitchini zidayatsa mzinda, ndipo udayaka masiku angapo. Anthu zikwi makumi angapo adatsikira kuli chete. Tchalitchi cha Carmo chikadali chopanda denga mpaka lero, monga adachisiyira tsokalo.

Alaliki sadachedwe kumasulira. Gabriel Malagrida, wansembe wa Chijezwiti amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Brazil, adalemba mu 1756 kuti ichi chidali chilango cha machimo a mzindawo, ndi kuti anthu adayenera kulapa asanaganize zomanga. Ku England nako John Wesley adaona dzanja la Mulungu lokantha. Koma mitima ya ambiri sidakhutire, pakuti adafunsana kuti, ngati ndi chilango, chifukwa ninji chidagwa patsiku loyera, pa anthu ogwada m'nyumba yopemphereramo, ndi pa makanda oyamwa amene sadadziwe kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere? Alalikiwo, ndikuona ine, adaiwala kuti Ambuye amene adali kuwatumikira adakana kale kuti anthu 18 ogweredwa ndi nsanja ya ku Siloamu adali ochimwa koposa anzawo.

Dzina limene limatchuka kwambiri pankhaniyi ndi la Voltaire wa ku France, amene adalemba ndakatulo yolira tsokalo, ndipo mu 1759 adatulutsa buku la Candide loseka chiphunzitso cha Leibniz cha mu 1710, chakuti dziko lino ndilo labwino koposa onse amene Mulungu akadalenga. Sindimulanda ulemu wake, pakuti adaletsa ophunzira kutonthoza amasiye ndi mawu ozizira. Koma ndinena kuti amatamandidwa mopitirira muyeso, chifukwa adagwetsa khumbi osamanga lina. Amene adanena mawu olasa mtima wa nkhani ndi Rousseau, m'kalata imene adalembera Voltaire mu Ogasiti 1756. Iye adakumbutsa kuti nyumba zosanjikiza kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri, zothithikana malo amodzi, adazimanga ndi anthu, ndi kuti ambiri adafa pobwerera kukatenga zovala, mapepala ndi ndalama zawo. Potero adachotsa mlandu kumwamba nautula pakhomo pa munthu. Ku Königsberg, Immanuel Kant, adakali wa zaka 31, adalemba nkhani zitatu zofotokoza chivomezi ndi mapanga a pansi pa nthaka odzala mpweya woyaka. Adaphonya, koma adaphonya akufunafuna kumalo koyenera.

Komabe ulemu waukulu ndiupereka, ngakhale mtima ukukana, kwa nduna ya mfumu José, Sebastião José de Carvalho e Melo, amene adadzatchedwa Pombal. Mfumu ili yogwidwa mantha, yosafunanso kugona m'nyumba ya miyala, ndunayi idalamula kuti mitembo ichotsedwe msanga mliri usadabuke, yambiri nkuponyedwa m'nyanja, kuti mitengo ya chakudya isakwere, ndi kuti mzinda umangidwenso ndi misewu yotakata ndi nyumba zokhala ndi mafupa a matabwa m'kati mwa makoma kuti zizigwedezeka osagwa. Ndipo mu 1756 idatumiza mafunso kwa ansembe a m'maparishi a dziko lonse: chivomezi chidatenga nthawi yotani, chidachokera mbali iti, nyanja idayamba kuphwa kapena kukwera, zitsime zidatani, adafa angati. Pa mafunso onsewo padalibe lofunsa za machimo. Mayankho ake akusungidwa ku Lisbon mpaka lero, ndipo ophunzira za zivomezi amawayesa chiyambi cha maphunziro awo. Munthu yemweyo adali wankhanza yoopsa: adathamangitsa Ajezwiti m'maiko onse a Apwitikizi mu 1759, kuphatikizapo amene adali ku Tete ndi ku Sena m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1761 nkhalamba Malagrida idapotoledwa khosi ndi kutenthedwa pabwalo. Mwazi umenewo uli pamutu pake, ndipo nyumba zake zokongola siziufafaniza.

Chodabwitsa n'chakuti Voltaire, Rousseau ndi Kant onse adafa osakana Mulungu. Chivomezi sichidatsimikize kuti Iye alipo kapena kulibe, ndipo palibe chivomezi chingathe kutero. Chimene chidasintha n'chakuti anthu adaphunzira kulekanitsa mafunso awiri: loti Mulungu walolera bwanji, limene wopembedza amapita nalo m'pemphero, ndi loti ife tichitenji, limene lili la wopembedza ndi wosapembedza mofanana. Okana Mulungu poyera adabwera pambuyo, d'Holbach mu 1770 ndi ena omutsata. Darwin mu 1859 adafotokoza kusiyana kwa zamoyo mwa njira ya chilengedwe. Nietzsche mu 1882 adachenjeza za mdima umene ungatsale chikhulupiriro chikazima. Mwa onsewa ndimalemekeza Albert Camus, wobadwira ku Algeria, amene mu 1947 adalemba za sing'anga wosapemphera wosamala odwala mliri usana ndi usiku. Ndine munthu wopemphera, koma sindingathe kunena kuti moyo wa sing'anga wotere ulibe phindu.

Kwathu kuno makolo sadakayike za Chauta, Namalenga, Mphambe. Adapempha mvula ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona, ndipo phiri likagumuka adati wadutsa Napolo, monga ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Koma makolo omwewo ndiwo adati madzi saiwala khwawa, ndipo sadamange m'njira ya madzi. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukwirira mabanja a ku Chilobwe, mawu a Malagrida adamvekanso m'maguwa ena, akuti tachimwa. Mawu a Rousseau, ofunsa amene adadula mitengo ya m'phiri, amene adaloleza nyumba pamatsitso, ndi umphawi umene udakankhira anthu kumeneko, adamveka pang'ono chabe. Amene adakumba matope ndi makasu ndi manja, Akhristu, Asilamu ndi osapita kulikonse, sadafunsane za chikhulupiriro, pakuti adadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choipa choposa n'chakuti tsoka likagwa timafulumira kufuna mfiti, ndipo mfitiyo kawirikawiri ndi gogo wosauka wopanda womuteteza, chinkana lamulo la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti. George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism, anthu osapembedza, adamenyera nkhalamba zomangidwa pamilandu yotere mpaka zina kumasulidwa, pamene ambiri a ife opemphera tidakhala chete. Potero ndikupemphani, abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu, kuti mvula yoononga ikadzagwanso, musadzayambe ndi kuwerenga machimo a akufa; dzayambeni ndi kufunsa kumene madzi adadzera, ndi amene akugonabe m'njira yake.