Mzinda wa pa Kompyuta ndi Makomboni a Tiyi ku Honde ndi ku Chipinge

Mundilole lero ndikambe mbiri imene idandibwerera m'mutu chifukwa cha masewera a mwana. Mdzukulu wanga amene akuphunzira ku Mutare adabwera kutchuthi atanyamula kompyuta, ndipo madzulo ena adandiitana nati, "Agogo, bwerani mudzaone mzinda wanga." Ndidakhala pambali pake ndikuona misewu yoongoka, milatho, mafakitale ofuka utsi, ndi timagalimoto toyenda ngati nyerere. Zonsezo adamanga yekha ndi zala. Akafuna nyumba amapaka malo utoto wobiriwira, nyumba nkumera. Akafuna mafakitale amapaka wachikasu. Msewu ukamunyansa amaugumula, anthu okhala m'mbali mwake nkungozimirira osadandaula kwa mfumu iliyonse.

Masewerawa dzina lake ndi Cities: Skylines, ndipo adatuluka mu 2015 kuchokera ku kampani ya Colossal Order ya ku Finland. Kholo lake ndi SimCity, amene Will Wright adatulutsa ku America mu 1989 atawerenga maganizo a Jay Forrester, katswiri amene buku lake la mu 1969 lidayesa kulongosola moyo wa mzinda ndi masamu. Mfundo yake njosavuta kumva. Wosewerayo amayang'ana dziko ali m'mwamba ngati kabawi. Iye amagawa malo ogona, malo a malonda ndi malo a ntchito, amakoka madzi ndi magetsi, amaika msonkho, kenaka nkumayang'ana ngati chiwerengero cha anthu ndi ndalama zikukwera. Munthu m'masewerawa amawerengedwa ngati wogwira ntchito, wogula katundu ndi wokhoma msonkho.

Pamene mwanayo ankandionetsa zimenezi, ine maso adali pa kompyuta koma mtima udali kwina. Ndidakumbukira mapu aakulu amene adali pakhoma la ofesi ya pa esiteti ya tiyi pamene ndidabadwira. Ndili mwana ndinkawaonera pawindo ndikatumidwa kukapereka nsima kwa malume anga amene adali mlonda. Pamapupo padali minda yonse ndi manambala ake, misewu ya mathirakitala, damu, fakitale, ndi timabokosi tondanda m'mizere. Timabokosito ndiye tidali ife. Mudzi wathu udayamba wajambulidwa papepala ndi munthu amene sadagonemo usiku ngakhale umodzi.

Tiyi adafika ku Chipinge mu 1924, pamene Arthur Ward ndi Grafton Phillips, azungu amene adalimapo tiyi ku Assam m'dziko la India, adabzala mbewu pa munda wotchedwa New Year's Gift. Madzi othirira ankapatutsa mu mtsinje wa Tanganda, ndipo mtsinjewo ndiwo udapatsa dzina kampani imene idakula nkukhala ndi minda ina monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. M'boma lomwelo mudabweranso minda ya Southdown ndi Clearwater. Ku chigwa cha Honde, kumpoto kwa Mutare, kunsi kwa phiri la Nyangani lotalika mamita 2,592, tiyi adachedwerako. Makampani a Eastern Highlands ndi Aberfoyle adayamba kugwetsa nkhalango m'zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pake boma lidatsegula munda wa Katiyo pafupi ndi malire a Mozambique. Kwathu ku Nyasaland tiyi adali atakhazikika kale ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndiponso ku Thyolo, kotero panali anthu odziwa dengu ndi sikelo minda ya ku Rhodesia isanabadwe.

Tiyi ndi mbewu yosalola munthu kukhala kutali. Wotchola amatenga masamba awiri ndi kansonga, ndipo nyengo ya mvula tchire lomwelo limafuna kutcholedwanso pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri. Masamba akatcholedwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo asanatenthe m'matumba. Choncho mwini munda ankafuna manja ambirimbiri oti belu likalira m'bandakucha akhale ali pamzere. Nchifukwa chake esiteti iliyonse idamanga kamzinda kakekake pakati pa minda, kutali ndi tauni, kutalinso ndi mafumu. Komboni idamangidwa poyankha funso limodzi lokha: kodi anthu awa tiwagoneke pati kuti masamba afike msanga ku fakitale?

Eni nthaka, Andau a ku Chipinge ndi Amanyika a ku Honde, ambiri adali atalandidwa malo abwino, ndipo lamulo logawa dziko la mu 1930 lidakhomera msomali pa kulandako. Ena adakhala pa minda ya azungu nkumalipira malo ndi thukuta lawo, monga momwe thangata adalili kwathu. Koma manja sankakwana. Ambiri adadutsa malire kuchokera ku Mozambique pothawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo ena adachokera ku Nyasaland. Msonkho ndiwo unkawatulutsa m'midzi. Boma la Southern Rhodesia lidapangana ndi maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia mu 1936 za kayendedwe ka antchito, lidaika magalimoto onyamula anthu mwaulele amene ankatchedwa Ulere, ndipo kuyambira mu 1946 padali bungwe lolemba anthu limene makolo athu ankalitcha Mthandizi. Ena sankadikira galimoto, ankangoyenda pansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, nkumafunsa ntchito famu ndi famu. Ponyamuka onse ankati akupita ku Halale kwa zaka ziwiri. Amene sadabwerere kumudzi adawatcha machona, ndipo ambiri a ife amene tikuwerenga nkhaniyi kuno ndife ana ndi adzukulu awo.

Kamangidwe ka malowa kankanena poyera za udindo wa munthu aliyense. Nyumba ya bwana wamkulu inkakhala pamtunda pamene pamaomba mphepo, yozunguliridwa ndi kapinga ndi maluwa, pamalo oti akaima pakhonde aone minda yonse. Kutsikirako kudali nyumba za njerwa za makalaliki, madalaivala ndi akapitao. Kumunsi kwenikweni ndiye kudali ife, m'mizere ya zipinda zofanana, mpopi umodzi wa mabanja ambiri, zimbudzi kumapeto kwa mzere. Amuna osakwatira adali ndi chigawo chawo. Padali sitolo, kachipatala, sukulu, holo ya mowa ndi bwalo la mpira. Mlendo akangoona khomo limene mwatulukira ankadziwa kale malipiro a bambo anu. Mdzukulu wanga akamagawa malo ndi utoto pa kompyuta amachita zomwezo, kungoti anthu ake ndi zithunzi chabe.

Chimene mapu sankaonetsa ndi chingwe chimene chidamanga nyumba ku ntchito. Wantchito ankalandira tikiti, kapitao nkumachonga tsiku lililonse limene wamaliza mgwazo, ndipo malipiro ankabwera masiku 30 akakwana patikitipo. Pamwamba pake ankalandira phoso: ufa, nyemba, mchere. Lamulo la mabwana ndi antchito la mu 1901 lidaika kuthawa ntchito m'gulu la milandu, ndipo lidalamulira antchito a m'mafamu kufikira kumapeto kwa ulamuliro wa azungu. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Munthu ankatha kubadwira m'chipinda, kukwatiriramo, kuberekeramo ana, koma osakhala mwini wa njerwa ngakhale imodzi. Ngakhale sukulu idalumikizidwa ku munda: ku Chipinge kudali dongosolo lodziwika bwino loti ana azitchola tiyi mbali ina ya tsiku kuti apeze malo ogona ndi maphunziro. Ena amene adadzera njira imeneyo lero ndi aphunzitsi ndi anamwino ndipo amaithokoza, pamene ena amaikumbukira ndi misozi. Onsewo akunena zoona.

Komabe anthu sadakhale timabokosi. Pamwamba pa mudzi wojambulidwa adamangapo mudzi wina umene sudalembedwe paliponse. Achewa adapeza nkhalango m'mbali mwa manda naikamo dambwe, ndipo Lamulungu ng'oma za gule wamkulu zinkamveka, anzathu Achishona nkumati kwabwera zvigure. Ayao adamanga mizikiti ya maudzu ndi kusunga jando. Akhristu a mpingo wa Nkhoma, umene udatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury mu 1912 kukasamala anthu a ku Nyasaland, ankasonkhana pansi pa mtengo kapena m'kalasi ndi kuimba m'Chinyanja. Anthu ochokera boma limodzi adapanga mabungwe a maliro, kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mnzawo asaikidwe ngati chiweto, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amayi adalima chimanga, maungu ndi mpiru m'madambo amene kampani idawaona opanda ntchito. Mizere ya manambala idalandira maina a kumudzi, ndipo pakati pa akulu padapezeka ankhoswe oweruza milandu ya mabanja. Amene amadziwa mbiri ya John Chilembwe akumbukira kuti ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, kuotcha matchalitchi a anthu okhala pa esiteti kudali chimodzi mwa zimene zidakoleza moto wa mu 1915. Munthu akaletsedwa kupemphera ndi kuika maliro mwa mwambo wake, ndiye kuti wauzidwa kuti pamalopo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

M'masewera a mdzukulu wanga, tsoka likagwa wosewera amatha kubwerera pamene adasungira mzinda wake nkuyambiranso. Ku Honde kudalibe kubwerera kotero. Mozambique italandira ufulu mu 1975, chigwachi chidasanduka njira ya ankhondo omenyera ufulu, ndipo asilikali a Ian Smith adachidzaza. Mu Disembala 1976 antchito 27 a pa esiteti ina ya tiyi m'chigwamo adasonkhanitsidwa usiku nkuomberedwa. Boma la Smith lidaloza chala omenyera ufulu, ndipo atsogoleri a omenyera ufulu adaloza chala asilikali a boma. Ophedwawo adali anthu osauka amene adagona pamene mapu adawaika. Nthawi yomweyo boma lidasamutsa anthu a m'midzi yozungulira kuwalowetsa m'midzi yotchingidwa ndi waya, imene anthu ankaitcha makipi, yokhala ndi chipata chimodzi ndi ola loletsa kuyenda. Imeneyonso idali midzi yojambulidwa mu ofesi, mizere yake yoongoka bwino kuti mlonda aone aliyense.

Ufulu wa mu 1980 udabweretsa malipiro okhazikitsidwa ndi boma ndi ufulu wolowa m'bungwe la antchito, koma chingwe chija sichidaduke. Antchito a m'mafamu sankavota pa zisankho za makhonsolo a kumidzi kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa sadali eni malo kapena okhoma msonkho wa malo. Pamene minda ya azungu inkagawidwa kuyambira mu 2000, ambiri a mtundu wathu adauzidwa kuti alibe mfumu, alibe kwawo kuno, ndipo sadalandire kanthu. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira pa esiteti, amene sadapondepo ku Malawi, adafunsidwa kukana unzika wa dziko limene sadalionepo, ndipo amene sadatero adatsala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake lidachokera m'dziko la SADC. Komabe kufikira lero alipo okalamba ndi ana amene alibe kalata ya kubadwa, chifukwa mayi adalibe, chifukwa agogo adalowa m'dziko muno ndi tikiti ya ntchito basi.

Sindikunena kuti zonse za pa esiteti zidali zoipa. Madzi a m'mpopi, kachipatala ndi sukulu zidafika kwa ife midzi ina yambiri isanazione, ndipo mpira wa pa esiteti udali wokoma. Sindikunyozanso masewerawo, pakuti mwanayo waphunziramo kuti fakitale siimangidwa kumtunda kwa chitsime, ndi kuti msewu wopapatiza umatsamwitsa mzinda. Nkhawa yanga ili pa malo amene womangayo waima. Woyang'ana ali m'mwamba amaona madenga, ndipo pansi pa denga lililonse pali munthu amene akufuna kudziwa ngati adzakhalabe pomwepo mawondo akadzatha mphamvu.

Usiku umenewo ndidafunsa mdzukulu wanga kuti, "Nanga manda a mumzinda mwakomu ali kuti?" Adandionetsa kabwalo kokongola ka mitanda, nandiuza kuti manda akadzaza amangodina pamodzi, magalimoto nkutulutsa mitembo kupita nayo kwina, malowo nkumangapo china. Ndidamuuza kuti agogo ake aakulu, amene adachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi, ali m'manda a pa esiteti pansi pa mitengo ya bulugamu, opanda mwala, ndipo odziwa pamene adagona tatsala atatu.

Nchifukwa chake ndikupempha inu amene mudakulira m'makomboni a Honde, Chipinge ndi kwina konse kuti mukhale pansi ndi okalamba akadali moyo, mujambule mapu athu. Mulembe mzere uliwonse ndi dzina limene tinkautcha, pamene padali dambwe, mzikiti, tchalitchi ndi chitsime, ndi maina a ogona m'manda pamodzi ndi midzi ndi mafumu a kwawo. Ndipo amene muli ndi mbale wopanda chitupa, mperekezeni ku ofesi yolembetsa anthu, pakuti lamulo la mu 2013 lili kumbali yake. Ine ndi mdzukulu wanga tayamba kale. Iye wazimitsa masewera aja kwa masiku angapo, watenga pensulo, ndipo ine ndikumuuza pamene padali mpopi.