Mpingo wa ku Mbombwe Unatsata Matchona

Mlatho woyamba wa pa Zambezi mumzinda wa Tete usanamangidwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu ochokera ku Nyasaland opita ku Salisbury kudzera ku Mwanza ndi Zobue ankaima padoko kudikira owolotsa. Ambiri anali amuna okafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu, bulangete ndi kampoto zili pamutu, dzuwa la ku Tete likuswa mtengo. Maulendo otere ndiwo anatulutsa mpingo wa Baptist wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, n'kuufikitsa kumayiko ena.

Mpingowo ndi Providence Industrial Mission, kapena kuti PIM. John Chilembwe anauyambitsa mu 1900 atabwera kuchokera ku Lynchburg, ku America, kumene anakaphunzira zaubusa. Ankamuthandiza ndi Akhristu akuda a National Baptist Convention, amene anatumizanso Landon Cheek ndi Emma DeLany kudzagwira naye ntchito. Mwa oyamba kubatizidwa munali Alomwe ambiri othawa thangata wa Apwitikizi ku Mozambique. Nkhondo yake yolimbana ndi atsamunda ya pa 23 Januwale 1915 italephereka, Chilembwe anaphedwa chakufupi ndi malire a Mozambique, ndipo boma linaphulitsa tchalitchi chake chanjerwa. Mpingo unaletsedwa.

Zimenezi mwana aliyense wa sukulu ku Malawi amazidziwa. Zimene sizikambidwa mokwanira ndi za munthu amene anadzatola zidutswa.

Daniel Sharpe Malekebu anali mmodzi wa ana a sukulu a mayi DeLany. Mayiwo atabwerera kwawo, mnyamatayu anawalondola mpaka ku America, ndipo anakamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1917. Atayesa kubwerera kumudzi ndi mkazi wake Flora Zeto, boma la atsamunda linawakaniza kukhala, poopa kuti dzina la Chilembwe lingadzukenso. Anakagwira ntchito ku Liberia mpaka pamene analoledwa kutsegulanso PIM mu 1926. Pa Mbombwe panamangidwanso tchalitchi, sukulu ndi chipatala.

Koma nkhosa zinali zitamwazikana kale. A PIM amene anali ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi South Africa ankasonkhana okha Lamulungu, kuimba nyimbo zakwawo m'makomboni, kenako n'kupempha kuti abusa adzawabatizire anthu. Ku Mozambique zinthu zinali zolimba kwambiri, makamaka boma la Portugal litapangana ndi Vatican mu 1940 kuti maphunziro a anthu akuda akhale m'manja mwa mishoni za Katolika. Mipingo ya Chipulotesitanti, makamaka yotsogozedwa ndi Mwafirika wa dziko lina, inkayang'anidwa ndi diso lokayika.

Mu 1945 Malekebu anamanga mipingo yonseyi mtolo umodzi, n'kuutcha National Baptist Assembly of Africa, likulu lake ku Mbombwe komweko. Chinali chinthu cholimba mtima: pa nthawi imene mishoni zambiri zinkalamulidwa ndi azungu, bungwe lodutsa malire a atsamunda a Britain ndi Portugal linkayendetsedwa ndi dokotala wachikuda wochokera ku Chiradzulu.

Malekebu anapuma mu 1971, ndipo utsogoleri unapita kwa abusa Leonard Muocha. Kusinthaku sikunayende bwinobwino, moti ena anapatuka n'kuyambitsa mipingo yawoyawo. Bungwe limene linatsala ku Mbombwe likudziwika ndi dzina loti African Baptist Assembly, ngakhale kuti m'midzi ya ku Chiradzulu anthu amangoti PIM.