Ona, Weruza, Chita

Pamene ndinali kusekondale m'zaka za m'ma 1980, ife a gulu la YCS tinkakumana Lachitatu lililonse masana pansi pa mtengo wa mango. Tikapemphera ndi kuwerenga Uthenga Wabwino, mtsogoleri wathu ankafunsa mafunso atatu: Mwaonanji sabata ino? Mukuziweruza bwanji? Nanga tichitenji? Ambiri tinkayesa mwambo chabe, osadziwa kuti tikunola nkhwangwa.

Njira imeneyi adaiyambitsa ndi wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, pakati pa achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale. Papa Pius XI adavomereza gulu lakelo mu 1925, ndipo posakhalitsa ana asukulu adayambitsa lawo, lomwe ku France lidakhazikika mu 1929.

Koma maso ukawaphunzitsa kuona, sungawauze polekezera. Ku Brazil, ophunzira ena a gulu lotere adayambitsa bungwe landale la Ação Popular, ndipo asilikali atalanda boma mu 1964 ambiri adazunzidwa. Ku South Africa, YCS idalimbana nawo ulamuliro watsankho.

Kwathu kuno, mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, kuchita kwathu kunkathera pa kulambula njira, kutungira madzi nkhalamba ndi kuzonda odwala. Za anthu otsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu tinkazimva ndithu, koma tinkaweruzira m'mimba.

Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Idadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, malipiro ochepa ndi kutseka anthu pakamwa. Boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira. Patangotha sabata, ophunzira Achikatolika a pa Chancellor College ku Zomba adaguba poyera kuikira kumbuyo maepiskopiwo, anzawo n'kuwatsatira, mpaka koleji idatsekedwa. Mu Meyi antchito ku Blantyre adanyanyala, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Sindikunena kuti ophunzira okha ndiwo adagwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma nthawi imene akuluakulu tidali zii, iwo adaimirira masanasana. Ine ndinali nditayamba kale uphunzitsi, ndipo kalata yanga ndidaibisa m'thumba la chimanga kwa miyezi ingapo. Kuona ndidaona, kuweruza ndidaweruza, koma funso lachitatu lija adandiyankhira ndi achichepere kwa ine.