Bezi, vakabu ndi mawu a Linton Kwesi Johnson

Linton Kwesi Johnson anabadwira ku Chapelton, m'dera la Clarendon ku Jamaica, mu 1952. Anafika ku London mu 1963 ali ndi zaka 11, kulondola mayi ake omwe anatsogola kukafuna ntchito, ndipo anakulira ku Brixton, kummwera kwa mzindawo. Amatchuka kuti ndi mlakatuli wa dub. Amene akufuna kumumvetsa ayambe wadziwa mawu angapo a m'ntchito yake. Ambiri mwa mawuwo sanachokere m'kalasi. Ena anatuluka mu situdiyo za ku Kingston, ena m'maholo ovinira, ena pa kauntala ya polisi.

Dub ndi luso la ojambula nyimbo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kachimbale ka reggae kankakhala ndi nyimbo mbali imodzi, kuseri kwake n'kukhala nyimbo yomweyo koma yopanda woimba, yomwe ankaitcha version. Amisiri ngati King Tubby, amene anayamba ndi kukonza mawayilesi ndi zokuzira mawu ku Waterhouse mu Kingston, sankangochotsa mawu basi. Ankazimitsa gitala, kuibweza pang'ono, kuizimitsanso, kutaya liwu limodzi la woimba kuti lizibwerezabwereza mpaka kuzilala, mpaka potsala ng'oma ndi bezi zokha. Imeneyo ndiyo dub: nyimbo yovulidwa mpaka kutsala msana wake. Ndiye poti pakati pake panatsala mpata, ma DJ a zimasipika za m'madansi, monga U-Roy ndi Big Youth, anayamba kulankhulapo, kutama, kunyoza, kuchenjeza ndi kusimba za m'mudzi motsata kugunda kwa nyimboyo. Kulankhula kotereku kumatchedwa toasting.

Johnson ali mnyamata ankawamvetsera anthu amenewa ndipo anawalemba m'nkhani zake ngati alakatuli enieni, pa nthawi imene ophunzira ankawaona ngati osokosa chabe. Dzina loti ndakatulo za dub linafala pambuyo pake, makamaka kudzera mwa Oku Onuora wa ku Jamaica, n'kugwira gulu lonse: Mutabaruka, Michael Smith, Jean "Binta" Breeze ndi Johnson yemwe. Koma pali kusiyana kumene anthu ambiri amakulumpha. DJ amapeza nyimbo ilipo kale, iye n'kukwerapo. Johnson amayamba walemba ndakatulo, ndipo oimba, motsogozedwa ndi Dennis Bovell wa ku Barbados yemwe wagwira naye ntchito kuyambira pa chimbale choyamba cha 1978, amabwera kudzaveka mawu amene anayima kale paokha. Mabuku ake ndiwo anatsogola: loyamba mu 1974, lachiwiri, Dread Beat an' Blood, mu 1975.

Apa ndiye pafika bezi, ndipo ineyo ndimaona kuti ndi mawu aakulu kuposa onse m'ntchito imeneyi. Ndakatulo za Chingerezi zophunzitsidwa kusukulu zimayezedwa powerenga maphatikizo olemera ndi opepuka mu mzere uliwonse. Muyezo wa Johnson ndi kuyenda kwa gitala ya bezi. Iye wanenapo kambirimbiri kuti akamalemba amaimva bezi ikulira m'mutu mwake. Umboni wake umaoneka akamalakatula popanda gulu loimba. Amaima pa maikolofoni atavala suti, tayi, magalasi ndi chipewa, osayendayenda, osaponya manja, osakweza mawu. Liwu limakhala pansi, lolemera, likuyenda mosathamanga, ndipo pamene woimba bezi akanapumira iyenso amapumira pomwepo. Omvera amayamba kugwedeza mitu ngakhale palibe chida chilichonse chikulira. Alakatuli ambiri olimbana ndi boma amakhulupirira kuti mkwiyo umamveka ndi kukuwa. Iyeyu amasimba za munthu akumenyedwa ndi zibonga m'mawu odekha a mboni ya m'khothi, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka kwambiri.

Chilankhulo chake ndi cha ku Jamaica, chimene eni ake amachitcha Patwa, monga momwe chinkalankhulidwira ndi ana okulira m'misewu ya London. Kamau Brathwaite, mlakatuli ndi katswiri wa mbiri wa ku Barbados, anakana kuchitcha Chingerezi chopotoka, nachipatsa dzina loti nation language, kunena kuti ndi chilankhulo cha mtundu wa anthu, chokhala ndi mizu ya ku Africa m'kamvekedwe ndi m'kalumikizidwe ka mawu. Mlakatuli Louise Bennett anali atalambula kale njira imeneyi ku Jamaica. Johnson anapitiriza polemba mawu monga momwe amatulukira pakamwa, moti dziko la England amalilemba Inglan. Mu 2002 kampani ya Penguin inasindikiza ndakatulo zake mu mndandanda wa Modern Classics ndi kalembedwe komweko, ndipo iye anali mlakatuli wakuda woyamba kulowamo.

Mawu a ku Rasta monga Babylon, kutanthauza apolisi ndi ulamuliro wonse wopondereza, ndi dread, amene amanena zoopsa komanso munthu woopedwa, amapezeka mwa iye chifukwa ndi mmene achinyamata anzake ankalankhulira. Iye mwini si Mrasta. Ndale zake anaziphunzira ku nthambi ya achinyamata ya Black Panthers a ku Britain, komwe anakumana ndi buku la W. E. B. Du Bois lotchedwa The Souls of Black Folk, kenako ku gulu la Race Today la Darcus Howe pa Railton Road. M'magulu amenewo dzina loti wakuda linali la ndale koposa la khungu, chifukwa linkaphatikizanso amwenye amene ankakumana ndi tsankho lomwelo.

Tsopano sus. Ndi chidule cha mawu otanthauza munthu wokayikiridwa, ndipo gwero lake ndi gawo 4 la lamulo la Vagrancy Act la 1824. Lamulo limeneli linkalola wapolisi kumanga munthu amene wamuona akuyendayenda pamalo, ngati wapolisiyo akuganiza kuti munthuyo akufuna kupalamula. Sipankafunika katundu wobedwa kapena wodandaula. Apolisi awiri akagwirizana pa umboni wawo pamaso pa majisitireti, mlandu unkatha. M'zaka za m'ma 1970 anyamata akuda ankatoledwa nalo pokwerera basi ndi pakhomo pa masitolo, ndipo amayi awo ndiwo anayambitsa ndawala yoti lichotsedwe. Johnson yemwe anamangidwapo mu 1972 ku Brixton chifukwa cholemba manambala a apolisi amene anawaona akuzunza achinyamata akuda, ndipo khothi linamupeza wosalakwa. Ndakatulo yake yodziwika kwambiri, Sonny's Lettah ya pa chimbale cha Forces of Victory cha 1979, ndi kalata ya mnyamata wa m'ndende ya Brixton yopita kwa mayi ake ku Jamaica. Akufotokoza mwaulemu kuti walephera kusamala mng'ono wake: apolisi anamugwira akudikira basi, anayamba kumumenya, mkuluyo analowerera, wapolisi mmodzi n'kufa. Mng'ono ali pa mlandu wa sus, mkulu pa mlandu wakupha. Mulibe chiphunzitso cha ndale m'menemo, muli mwana akupepesa kwa kholo lake.

Wowerenga wa ku Malawi lamulo limeneli akulidziwa, koma ndi dzina lina. Ndi vakabu. Malamulo a milandu amene atsamunda anasiya anatenga ganizo lomwelo la 1824, ndipo gawo 184 lakhala likugwiritsidwa ntchito potola mavenda, anyamata a m'madepoti ndi aliyense woyenda usiku wopanda galimoto. Ku England sus inachotsedwa mu 1981. Kuno zinatengera wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre, amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake, kuti Khothi Lalikulu ligamule mu Januwale 2017 kuti ndime imodzi ya gawo limenelo ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Chaka cha 1981 ndi chomwe chimaonetsa bwino mmene Johnson amasankhira mawu. Pa 18 Januwale moto unabuka m'nyumba ina pa New Cross Road pomwe panali phwando la tsiku lobadwa, ndipo achinyamata akuda 13 anafa. Nyuzipepala zinati ndi moto. Komiti yotsogozedwa ndi John La Rose, momwe Johnson analinso, inati ndi kupha anthu mwadala, ndipo ndakatulo yake imatchedwa New Craas Massakah. Tinene zoona: kafukufuku wa khothi, mu 1981 ndiponso mu 2004, sanapeze chimene chinayambitsa motowo, ndipo palibe anaimbidwa mlandu. Choncho dzinalo linapitirira pamene umboni unalekeza. Komabe sindingawadzudzule anthu amene analisankha. M'deralo magulu atsankho anali ataotchapo kale malo a anthu akuda, apolisi anathamangira kukayikira ana a paphwandopo, ndipo akuluakulu a dziko anakhala duu ngati sipanagwe maliro. Pa 2 Marichi anthu pafupifupi 20,000 anayenda kuchokera ku New Cross kulowa pakati pa London.

Mwezi wotsatira apolisi anayambitsa ntchito imene anaitcha Swamp 81, dzina lokumbutsa zimene Margaret Thatcher ananena mu 1978, zoti anthu a ku Britain akuopa kumizidwa ndi anthu a chikhalidwe china. M'masiku ochepa anaimitsa ndi kusecha anthu 943 ku Brixton. Kuyambira pa 10 mpaka pa 12 Epulo misewu inayaka. Boma linati ndi chipolowe, mawu amene amapereka chithunzi cha khamu lopanda mutu, longofuna kuswa ndi kuba. Johnson anati ndi kuukira, ndipo anaitcha ndakatulo yake Di Great Insohreckshan. Woukira amakhala ndi chifukwa, amadziwa amene akulimbana naye, ndipo amayenera kufunsidwa chimene akufuna.

Lord Scarman, amene anafufuza za Brixton, anatulutsa lipoti lake mu Novembala 1981. Anavomereza kuti achinyamata akuda ankasalidwa ndi kusowa ntchito, komanso kuti apolisi ena anali atsankho, koma anakana zoti tsankholo linali lokhazikika m'kayendetsedwe ka mabungwe a dziko. Mawu amenewo boma linadzawalandira mu 1999, pamene lipoti la Macpherson lokhudza kuphedwa kwa wachinyamata wakuda Stephen Lawrence mu 1993 linawalemba ponena za apolisi a mu London. Panali patapita zaka 18.