Kuyeza kutentha m'ng'anjo ya fusion

Tokamak ndi ng'anjo yozungulira ngati tayala, momwe asayansi akuyesa kupanga mphamvu monga limachitira dzuwa, polumikiza maatomu opepuka a hydrogen. Njira imeneyi, yotchedwa fusion, ndi yosiyana ndi ya uranium wa ku Kayelekera, amene mphamvu yake imatuluka atomu ikang'ambidwa.

Mu ng'anjo ya ITER, imene ikumangidwa ku Cadarache m'dziko la France, mpweya woyaka wotchedwa plasma udzafika madigiri 150 miliyoni, kuwirikiza kakhumi kutentha kwa pakati pa dzuwa. Maginito amphamvu amautchinga kuti usakhudze makoma, komabe kutentha kwina kumapulumuka n'kukagwera pansi pa ng'anjo, pa chigawo chotchedwa divertor. Apa ndi pogona nkhani. Chigawochi adzachikuta ndi tungsten, chitsulo chosungunuka pa madigiri 3,422, ndipo chiyenera kupirira mamegawati 10 pa sikweya mita iliyonse. Dzuwa lamasana limapereka pafupifupi kilowati imodzi yokha pa malo aakulu chimodzimodzi.

Wowotcha njerwa ku Nsaru kapena ku Kabudula salowetsa dzanja mu uvuni: amasuzumira pakhomo, n'kudziwa kutentha poona maonekedwe a motowo. Makamera a infrared amachita zomwezo. Amajambula kuwala kosaoneka ndi maso kochokera ku khoma, kompyuta n'kuwerengera madigiri. Kuchuluka kwa kutentha kumene kukugwera khomalo sikuoneka mwachindunji. Amakupeza poona liwiro lomwe madigiriwo akukwerera komanso mmene chitsulocho chimadutsira kutentha.

Kamera imanamizika. Tungsten ndi wonyezimira, ndipo monga kalilole amabweza kuwala kwa malo ena otentha, choncho pozizirirapo pamatha kuoneka ngati pakupsa. Komanso nkhope ya chitsulo imasintha ikaperepeseka kapena ikakutidwa ndi fumbi, motero muyeso womwe unali wolondola poyamba umasokonekera pakapita miyezi. Kulakwitsa kulikonse n'kodula: kuchepetsa kutentha kungasungunule khoma, kukokomeza kungazimitsitse ng'anjo popanda chifukwa.

N'chifukwa chake sadalira diso limodzi. Amakwirira timawaya totchedwa thermocouple mkati mwa zitsulo. Timayankha mochedwa, koma kunyezimira sikutipusitsa. Amayezanso madzi oziziritsa makoma polowa ndi potuluka, ndipo kusiyana kwake kumaonetsa kutentha konse kumene kwachotsedwa. Mu ng'anjo ya WEST, ku Cadarache komweko, anayala timaulusi tagalasi m'zitsulo za divertor toyeza madigiri pa malo ambiri nthawi imodzi.

JET ya ku Culham, ku Britain, inatulutsa mamegajoule 69 m'masekondi pafupifupi asanu mu 2023, chaka chomwe inatsekedwa. Pa 12 February 2025, WEST inasunga plasma kwa masekondi 1,337. Pa nthawi yaitali chotere khoma limakhala pamoto kosapuma, ndipo makamera amalumikizidwa ku makina ochepetsa mphamvu pomwepo malo ena akatentha mopyola muyeso. Malinga ndi ndondomeko ya 2024, ITER idzayamba kugwiritsa ntchito deuterium ndi tritium mu 2039.