Uta wa America ndi Zida za Ulaya m'Zithunzi Zakale

M'zaka za m'ma 1500, amisiri a ku Antwerp ndi ku Italy ankajambula makontinenti ngati akazi, ndipo popeza chithunzi chozokotedwa pa mkuwa chinkasindikizidwa kambirimbiri, anthu amene sanaolokepo nyanja ankadziwira maiko akutali pa akazi amenewa. Chida chimene mkazi anapatsidwa, ndiponso pamene chinaikidwa, ndi zimene zinkauza woona ngati dzikolo linali lolamulira kapena loyenera kulamulidwa.

Pa tsamba loyamba la Theatrum Orbis Terrarum, buku la mapu limene Abraham Ortelius anatulutsa mu 1570, Ulaya wakhala pamwamba atavala chisoti chachifumu, ndodo yaufumu ili m'manja, pomwe America wagona pansi pa onse ali wamaliseche, dzanja lina litagwira chibonga, lina mutu wodulidwa wa munthu, uta ndi mivi zili pafupi. Chibongacho n'chofanana ndi cha anthu a mtundu wa Tupinambá a ku Brazil, amene Hans Staden analemba mu 1557 kuti ankaphera nacho ogwidwa pankhondo asanawadye, motero mbiri ya fuko limodzi inasenzetsedwa kontinenti yonse.

Buku la Cesare Ripa lotchedwa Iconologia, limene linkalangiza ojambula za zizindikiro zoyenera chinthu chilichonse, litatuluka ndi zithunzi mu 1603 linakhazikitsa kusiyanaku. Ulaya ali nazo zida zambiri, zishango ndi mikondo, koma zaunjikidwa pambali pake limodzi ndi hatchi, buku ndi zoimbira, iye atanyamula kachisi. America ndiye wagwira uta ndi muvi, ndipo pamapazi pake pali mutu wolasidwa. Apa m'pamene pali kukondera, chifukwa malupanga ndi mfuti zimene atsogoleri a nkhondo a ku Ulaya, Cortés ndi Pizarro, anagonjetsera Mexico ndi Peru sizioneka m'manja mwa Ulaya, ngati kuti nkhondo kwa iye ndi ntchito yotha kale, pamene kwa mnzakeyo ndi chibadwa. Asia ndi Africa sanapatsidwe chida: wina ali ndi chofukizira lubani, wina chinkhanira.

Utawo unasintha tanthauzo m'ma 1760, pamene ojambula a ku London anayamba kuimiritsa nawo atsamunda a ku North America okana misonkho ya Britain. Chidindo cha mu 1780 cha Massachusetts, limodzi mwa madera a atsamundawa, chinasunga mbadwa ya dzikolo yonyamula uta, muvi utaloza pansi kusonyeza mtendere, koma pamwamba pa mutu wake anaikapo mkono wosolola lupanga.