Mawotchi a zifanizo ndi nthawi imene inalowera ku Chigwa cha Shire

Pali mtundu wina wa wotchi umene osonkhanitsa zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America amaulimbirana pa okushoni. Ndi chifanizo chachitsulo, kawirikawiri cha mkazi kapena mlenje, chitakweza mkono, ndipo padzanja pake palendewera ndodo yokhala ndi wotchi kumtunda ndi mpira wolemera kumunsi. Ndodoyo imangogwedezeka uku ndi uku usana ndi usiku, choikankha osaoneka. Chinsinsi chake chili m'kati: muli kachitsulo kena kolendewera koyendetsedwa ndi sipuling'i, ndipo kugwedezeka kwa kachitsuloko ndiko kumapatsira ndodo yonse. Kampani ya Ansonia ya ku America, yomwe inayamba mu 1851 n'kugulitsa makina ake ku Russia mu 1929, inatchuka ndi mawotchi otere. Ya Junghans ya ku Schramberg m'dziko la Germany, yokhazikitsidwa mu 1861, inapanga njovu yonyamula wotchi pachitamba. Zambiri mwa zifanizozi si zamkuwa monga zionekera. Ndi zinki wopaka utoto, wopangira mabanja ofuna kuoneka olemera pamtengo wotsika.

Malo a mawotchi amenewa anali pa shelefu ya pamwamba pa moto wootha m'chipinda chochezera, ndipo munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kwa Okutobala kumadutsa madigiri 40, akhoza kuseka atamva za shelefu yoteroyo. Koma asafulumire. Njanji isanalumikize dziko lino ndi doko la Beira, pafupifupi katundu yense wa amishoni, wa boma la atsamunda ndi wa kampani ya Mandala ankakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, n'kutsitsidwa pa Port Herald (Nsanje wa lero), pa Chiromo kapena pa Katunga. Wotchi imene inakakongoletsa nyumba za ku Zomba ndi ku Blantyre inayamba yadutsa m'chigwa, nthawi zina pamutu pa amtengatenga okwera mapiri. Chigwa chinali khomo la mawotchi, koma amene anasintha moyo wake sanali azifanizo ayi. Anali mawotchi antchito, ndipo aliyense wofuna kusonkhanitsa mawotchi akale kuno ayenera kuyambira pamenepo.

Wotchi inafika koyamba ngati chida choyezera dziko. Pamene David Livingstone ankakwera Shire mu 1859 pa sitima ya Ma Robert mpaka kufika kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, anali ndi mawotchi osunga nthawi ya ku Greenwich. Poyerekeza nthawi imeneyo ndi nthawi ya dzuwa ya pamalo pamene waima, munthu amadziwa kutalika kwa mtunda umene wayenda cha kum'mawa, pakuti mphindi 4 zilizonse zimaimira digiri imodzi. Nsanje ali pa madigiri 35, kutanthauza kuti dzuwa lake lili patsogolo pa la Greenwich ndi maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Nthawi ya boma imene tonse timatsata lero ili patsogolo ndi maola awiri okha, ndiye kuti ku Nsanje dzuwa limafika paliwombo wotchi isanakwane 12 koloko. Amang'anja omwe ankaona mzungu akusuzumira kumwamba ndi kulemba m'buku anali nayo kale nthawi yawo ya tambala woyamba, ya m'bandakucha, ya kusefukira ndi kuphwa kwa madzi m'madimba. Wotchi ya mlendoyo sinabwere kudzawauza nthawi. Inabwera kudzaika mudzi wawo pa mapu.

Sitima za pamadzi sizinathe kulamula nthawi ya anthu, chifukwa nazonso zinkamvera mtsinje: madzi akachepa zinkatitimira mumchenga masiku angapo. Njanji ndiyo inasintha zinthu. Kuchokera mu 1908, pamene njanji ya Port Herald inafika ku Blantyre, ndipo makamaka mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, wochedwa pa siteshoni ankangoona utsi. Fakitale ya shuga ya Sucoma itayamba ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, mashifiti anamaliza ntchitoyo. Njira ina inali ya matchona. Wobwerera kuchokera ku Joni, ku Salisbury kapena ku Beira ankafuna kuti abale aone thukuta lake, ndipo wotchi inkabwera m'sutikesi imodzi ndi bulangete ndi galamafoni. Boma la Kamuzu Banda litaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, gwero limeneli linachepa. Kenako mawotchi a batire otchipa, ndipo pambuyo pake foni zam'manja, zinachotsa ntchito okonza mawotchi a pakhonde la sitolo.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zotsalira za atsamunda, zosayenera kuzisunga pamodzi ndi mbiri ya Mbona wa ku Khulubvi. Mawuwa ali ndi mutu, koma akuiwala kuti chinthu chimakhala cha amene wachivutikira. Wotchi yogulidwa ndi malipiro a mumgodi, imene inkadzutsa mphunzitsi kapena kalaliki wa pa siteshoni kwa zaka makumi atatu, ikunena za Amalawi kuposa za fakitale ya ku Germany imene inaipanga. Wina anganenenso kuti anthu amene madzi anawalanda zonse mu 2015, ndiponso mu 2023 ndi namondwe wa Freddy, ali ndi zofunika kuposa zitsulo zadzimbiri. Zoona, ndipo palibe amene angauze banja losowa chakudya kuti lisagulitse wotchi ya agogo. Komabe kusefukira kwa madzi kotereku, kumene kunadulanso njanji pa Chiromo mu 1997, ndiko kukuchititsa kuti zinthu zoterezi zisowe msanga kuno kuposa kumtunda.

Vuto lenileni lili kwa wosonkhanitsa amene maso ake ali pa chifanizo chokha. Wotchi ya mkono wogwedezeka ndi yosakhwima: imafuna thebulo lowongoka bwino ndi chipinda chopanda mphepo, ndipo fumbi likalowa pamene ndodo yatsamira, imaima. M'nyumba yotsegula mawindo chifukwa cha kutentha, yotere siikhalitsa. Komanso njovu za Junghans ndi akazi a Ansonia akhala akukopedwa kwa zaka zambiri m'mafakitale ena, n'kupakidwa utoto wooneka ngati wakale. Wogula wosadziwa amalipira ndalama zambiri pa chinthu chopangidwa dzana. Odziwa amatsegula kumbuyo kuti aone chidindo cha kampani pa makina, monga nyenyezi ya nsonga 8 yokhala ndi chilembo J ya Junghans, ndipo amaonanso ngati zomangira zake zatha mofanana ndi thupi. Koma ngakhale chidindo chimabedwa. Chovuta kuchinamiza ndi dzina la amene anaibweretsa, chaka chimene anabwerera, ndi njira imene inadzera, kaya pa Chindio ku Mozambique kaya pa Marka. Zimenezi zili m'mitu ya okalamba a ku Bangula, ku Ngabu ndi ku Makhanga, ndipo wogula amene sazilemba pamene akulandira wotchiyo amachoka ndi zinki ndi sipuling'i basi.